Mmene Ndinayezera Mwala wa Apongozi Anga

Abale inu, ine tsiku limenelo ndinadzuka ndi nkhani imodzi yokha m'mutu, yokapempha chitengwa basi. Za miyala sindinaziganizeko n'komwe. Inali nthawi ija nkhondo yachiwiri ya azungu isanayambe, ndipo ndinali nditakhala pa chikamwini kuno ku Liwaladzi zaka zingapo ndithu. Zonse zimene mkamwini amagwira ndinali nditagwira: nyumba ndinamanga, munda wa chinangwa wa apongozi ndinalima mpaka manja kuchita matuza, nkhokwe ndinafolera, ndipo mwana wathu woyamba, Rozina, anali atayamba kukwawa. Kwathu ku Mwadzama amalume anga anali atandisungira dimba la mpunga, lonyowa bwino loti ukaponda matope amakufika m'maondo, koma ananditumizira mawu akuti ndikapanda kubwera mvula isanagwe, dimbalo alipereka kwa wina. Ndiye mukuona, ndinkafunika chilolezo chotenga mkazi wanga Monika n'kupita naye kwathu, ndipo ndinkachifuna msanga.

Nkhoswe yanga anali mkulu wanga Petulo, munthu wosachedwa kupsa mtima koma wodziwa kuyala nkhani. Mbali ya Monika nkhoswe anali amalume ake, a Banda, amene ankawerenga mawu kutchalitchi wansembe akakhala kulibe. Anali munthu wodekha, ndipo m'mudzi monse ndi iwo okha amene anali ndi mandala, omwe anawapeza movutikira ku mishoni. Tili m'njira yopita kwa a Banda, Petulo anandiimitsa n'kundiloza chala.

“Iwe Barnaba, lero pakamwa pako pakhale potseka. Wolankhula ndine. Wamva?”

“Ndamva achimwene.”

Kumva ndinamvadi, koma ndiyambe ndakuuzani matenda anga. Ndisanakwatire ndinagwirako ntchito ya mtengatenga chilimwe chimodzi kwa mzungu wina amene ankayendayenda m'mapiri akuswa miyala. Kunena zoona ntchito yanga inali kusenza bokosi la nyundo ndi kutunga madzi, koma maso ndinali nawo. Ndinkamuona akatola mwala, amauloza kudzuwa n'kumautembenuza, kenako amaukanda, kuupepesa m'manja, mwinanso kuugunditsa pamlomo. Wophika wake, amene ankamva Chingerezi, ankatimasulira. Akuti miyala yofiira ilipo iwiri yofanana ngati mapasa: wina ndi ganeti, amene sasowa m'mapirimo, wina ndi rubi, wosowa kwambiri, wovala mafumu a kutsidya kwa nyanja zamchere. Akuti rubi ukamutembenuza padzuwa kufiira kwake kumasinthasintha, pamene ganeti amangokhala chimodzimodzi, ndiponso rubi ndi wolimba kuposa mnzakeyo, ndipo amazizira nthawi yaitali ukamugunditsa pakhungu. Galasi la botolo ndiye wabodza wamkulu, lopepuka, la timathovu mkati, losachedwa kufunda.

Basi, zimenezi zokha ndinabwera nazo ndili dokotala wa miyala! Ndinali ndi kachitini ka fodya mmene ndinkasungamo miyala iwiri imene mzunguyo anataya, woyera mbee wa ngodya zisanu ndi imodzi umene ankautcha kwatsi, ndi kaganeti kamodzi kofiira. Pamowa, padoko, ngakhale pamaliro, munthu akangopunthwa pamwala ine ndayamba kale kuphunzitsa. Akuluakulu anati ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo, ndipo ine mwambi umenewu ndinkaunena kwa ena osadziwa kuti ukundidikira.

Tinafika kwa a Banda dzuwa litangokwera pang'ono, tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Apongozi anga, Nabanda, mayi ake a Monika, anakhala potero pafupi ndi thandala, akusenda chinangwa, atatipatsa mbali. Mukudziwa mwambo wake. Zaka zonsezo ine ndi iwo tinali tisanayang'anane m'maso kapena kulankhulana mwachindunji. Tikakumana panjira ine ndinkalowa patchire ngakhale pakhale chitedze, ndipo mawu onse ankadutsira mwa Monika.

Petulo anayala nkhani bwinobwino, ine ndili chete ngati mwana wabwino. A Banda anamvetsera akugwedeza mutu, kenako anati, “Nkhaniyi taimva, ndipo si yoipa. Mkamwiniyu watigwirira ntchito, sitingamunamizire.” Mtima wanga unayamba kuvina. Ndiye anapitiriza kuti, “Koma poti akamwini athuwa ndi odziwa miyala, atithandizeko kanthu kamodzi asanapite.”

Asanapite! Mwamva mawu amenewo? Ndiye kuti nkhani inali itatha, mpunga wa ku Mwadzama ndinkaumva kale fungo. Chimene chinatsala n'kungowomba m'manja, kuthokoza, n'kupita kukamanga katundu.

Monika analowa m'nyumba ya mayi ake n'kutuluka ndi kansalu komanga mfundo zitatuzitatu. Atamasula, mayo! Kamwala kofiira psuu, kosalala, kukula kwake ngati nzama. A Banda anafotokoza kuti kanali ka agogo awo aakazi, amene anakalandira kwa amalonda a kugombe masiku aja zombo za matanga zinkawoloka nyanjayi. Mmwenye wina wa sitolo ku boma atabwera kuno n'kuona kamwalako anafuna kusinthana ndi bulangete ndi nsalu, ndipo anaumirira kwambiri moti apongozi anayamba kukayika. Kugulitsa sankafuna, ankangofuna kudziwa kuti chimene akhala akusunga pansi pa mphasa zaka zonsezi n'chiyani.

Petulo ananditsina pantchafu n'kunong'ona kuti, “Unene kuti sudziwa.”

Ine kunena kuti sindidziwa? Pamaso pa apongozi, tsiku limene akundiyamikira? Ndinatulutsa kachitini kanga m'thumba, pakuti sindinkayenda popanda iko, ndinatsokomola pang'ono monga ankachitira mzungu uja, n'kunena kuti, “Amalume, iyi ndi ntchito yochepa. Tiyamba ndi kuwala.”

Ndinagwira kamwalako ndi zala ziwiri, ndinatsinzina diso limodzi, linalo n'kuliika pamwala, nkhope kumwamba. Koma masamba a mango ankatchinga dzuwa, ndiye ndinaimirira n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono kufunafuna pamene pakuwala bwino, mwala uli padiso. Dziko lonse linali lofiira, ndipo ine ndinkatembenuza kamwalako uku ndikufotokoza mokweza kuti aliyense amve. Zoti kufiirako kukusintha kapena ayi, abale, sindinkaona kanthu, koma pakamwa sipanaime. Mwadzidzidzi ndinaona mdima mkati mwa kufiira kuja.

“Ehee! Ndachipeza!” ndinafuula. “Muli chilema mkatimu, chinthu chakuda bii, chachikulu, chikutchinga kuwala konse. Chosaoneka bwino n'komwe!”

Nditachotsa mwala padiso, kalanga ine, ndinali nditaima pamaso pa apongozi anga, amene anali atadzuka kuti andipatuke, mphuno yanga ili pafupi ndi yawo, diso limodzi ndili chitsinzinire ngati mnyamata wokopa mtsikana pachitsime. Chinthu chakuda chotchinga kuwala chija chinali iwowo. Anakoka nsalu n'kudziphimba kumaso, kenako anati modekha, “Monika, uwafunse amuna akowa ngati andiona mokwanira.”

Ndinabwerera chafutambuyo mpaka pamalo panga. Munthu wanzeru akanalekera pomwepo, si choncho? Koma manyazi ndi oipa, amakuuza kuti ukachita chinthu china chachikulu anthu aiwala choyambacho. A Banda anali atavula mandala awo akupukuta misozi, chifukwa kuseka anali akukubisa movutikira, ndipo mandalawo anali pabondo pawo.

“Kuwala kwa lero si kwabwino,” ndinatero. “Tiyese kulimba. Amalume, mundibwerekeko mandalawo pang'ono.”

“Tengani, mwina muona bwino,” anatero a Banda, munthu wa Mulungu, akuganiza kuti ndikufuna kuvala.

M'mudzi monse munalibe zenera la galasi ngakhale limodzi, ndiye ndikanayesera pati? Ndinafotokoza kuti mwala weniweni umadya galasi, pamene wabodza umangoterereka. Ndinayamba ndi kwatsi wanga kuti aone chitsanzo, kwee, kamzere m'mphepete. Ndinatenga kaganeti, kwee, kamzere kena. A Banda popanda mandala sankaona bwino chimene ndinkachita, ankangomwetulira. Petulo ndi amene anazindikira, ndipo pamene ndinkaika mwala wa apongozi pagalasi iye anandigwira chigongono kuti andiletse. Dzanja linapulumuka, mwala unayenda kuchokera kumwamba mpaka pansi, kweeee, kudutsa pakati penipeni, ndipo pobweza dzanja mwamantha ndinajambulanso wina wopingasa.

A Banda analandira mandala awo, anawavala, anayang'ana ine, anayang'ana Petulo, anayang'ana mtengo wa mango. Kumwetulira kuja kunazima pang'onopang'ono.

“Akamwini, Lamulungu likubwerali ndikawerenga bwanji? Diso ili ndikukuonani ngati ndili mkati mwa mono.”

“Pepani amalume, ndi achimwenewa anandigwedeza.”

“Chabwino. Nanga mwapeza chiyani?”

Apa ndiye ndinazindikira kupusa kwanga. Miyala yonse itatu inali itadya galasi chimodzimodzi, wanga wotayidwa uja, kaganeti, ndi wa apongozi. Galasi ndi lofewa kwa onsewo, silingakuuze kuti wamkulu ndani. Mzungu uja ankakanda mwala ndi mwala unzake, ine n'kukumbukira zimenezi mandala atatha kale.

“Ndapeza kuti si botolo,” ndinayankha ndi mawu aang'ono.

Kuchokera kuthandala kunabwera mawu. “Monika, uwauze kuti mwala umenewo unafika m'mudzi muno anthu asanaone botolo.”

Ndinati ndikonze zinthu pokanda kwatsi ndi mwala wa apongozi, koma Petulo anali atatola kale kwatsiyo, ndipo anauponya kutali m'munda wa chinangwa ndi mphamvu zake zonse. Anandiyang'ana ndi maso ofiira kuposa miyala yonse ija. “Bweza mwala wa eni, tithokoze, tizipita,” anatero akukukuta mano.

“Achimwene, patsala pang'ono. Tingoyesa kulemera.”

Ndinaika kaganeti kanga m'dzanja lamanzere, ka apongozi m'dzanja lamanja, ndinatsinzina, n'kumakweza manja ndi kutsitsa ngati sing'anga woombeza. Timiyala tiwiri tofanana kukula, tofanana kufiira, m'manja a munthu wa zikhatho zolimba ndi khasu, mukuganiza ndinamva chiyani? Palibe! Ndinasinthanitsa manja, palibebe. Anthu oyandikana nafe anali atayamba kubwera mmodzimmodzi, chifukwa mbiri ya mandala inali itafika kale padoko.

Panatsala njira imodzi yokha, ya kuzizira. Ndinagunditsa kanga pamlomo, kozizira. Ndinagunditsa ka apongozi, kozizira. Ndiye nzeru zina zinandibwerera, za ine mwini, zimene ngakhale mzungu uja sanazifike: mlomo ndi khungu wamba, koma lilime limamva ngakhale kamunga kakang'ono ka usipa. Bwanji osaika yonse iwiri mkamwa, wina tsaya ili wina tsaya ili, n'kumva kuti woyamba kufunda ndi uti? Ndinaponya kanga kumanzere, ka eni kumanja, ndinatseka pakamwa, n'kukweza chala kuti anthu akhale chete, katswiri akumvetsera.

Monika anangoti, “Bambo ake Rozina!” manja ali kumutu.

Apongozi atamva mawu a mwana wawo anacheuka, n'kuona masaya anga atatupa ngati a nyani wakuba chimanga, kansalu kaja kali pansi kopanda kanthu. Mwambo wa zaka zonse zija unathera pomwepo. Anadzuka ngati mtsikana, mpeni wosendera chinangwa uli m'manja, n'kuthamangira kwa ine, maso ali pa ine gaa.

“Inu! Lavulani mwala wanga! Lavulani msanga!”

Abale, aka kanali koyamba kuti apongozi anga andilankhule ine mwini. Thupi langa linasokonezeka. Miyendo inkafuna kuthawira patchire monga mwa chizolowezi, mawondo ankafuna kugwada, manja ankafuna kuwomba, ndipo pakamwa pankafuna kunena kuti pepani amayi. Zonsezi zinachitika nthawi imodzi. Ndinagwa chogwada, ndinakoka mpweya kuti ndipepese, ndipo ndinamva kanthu kozizira kakutsika pakhosi, mezu! Zoti kanali kozizira ndikhoza kuchitira umboni mpaka lero, ndinakamva mpaka pachifuwa.

Ndinalavulira m'dzanja kamene kanatsala. Kamodzi kokha. Ndinakayang'ana ndikupemphera mumtima mapemphero onse amene ndinaphunzira m'kalasi ya ubatizo, ndipo ndinakapereka ndi manja awiri. Apongozi anangokayang'ana kamodzi n'kukaponya pansi. Nkhuku inathamangira, inakajompha, n'kukasiya. Kanali kaganeti kanga.

Petulo anangodzuka, anasansa fumbi kumbuyo, n'kuuyamba ulendo wa ku Mwadzama osatsanzika ngakhale kwa ine.

Zimene zinatsatira ndizinena mwachidule chifukwa ena mwa inu mukudya. Apongozi anabwera ndi chikho cha mafuta a nsatsi, ndipo anaima pomwepo mpaka nditamaliza. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, koma ine za chitseko panalibe nthawi. Ulendo woyamba unandidzidzimutsa ndili padoko, kumene ndinathawira manyazi, ndipo ndinangodumphira m'bango, madzi ali m'mawondo. Palibe amene anali ataganiza zoti ulendo woyambawo ndiye wofunika. Pambuyo pake m'pamene Monika anandipatsa lichero lakale ndi kamtengo, n'kundiuza kuti lichero limenelo lisadzalowenso m'nyumba mwake.

Ndinafufuza, abale. Mzungu uja sanafufuzepo mwala m'mapiri mwakhama ngati mmene ndinafufuzira ine kuseri kwa nyumba. Ndinadya mapapaya mpaka kudana nawo. M'mudzi moni anasintha, munthu akakumana nane ankati, “Mwadzuka bwanji akamwini? Watuluka?” Ngakhale kutchalitchi, a Banda akuwerenga atapendeketsa mutu kuti aonere diso labwino, ndinkamva anthu akunong'onezana kumbuyo kwanga. Mwala osaoneka. Kaya unatsalira m'bango muja, kaya unapeza pogona m'matumbomu, palibe akudziwa. Mitambo inayamba kusonkhana, mvula yoyamba inagwa, ndipo ndinamva kuti dimba lija alima ena. Tsiku limenelo ndinakhala kuseri kwa nkhokwe n'kulira ndithu, sindikubisirani.

Petulo mtima utatsika anabweranso, ankhoswe anakhalanso pansi pa mango uja. Ulendo uno apongozi sanakhale kuthandala, anakhala pamaso panga penipeni, poti munthu amene unamumwetsa nsatsi ungamuopenso chiyani? Petulo anapepesa, analonjeza mbuzi, analonjeza mandala ena. A Banda anati za mandala atha kukhululuka, koma za mwala ayankhe mwini wake.

“Mbuzi sindikufuna,” anatero apongozi. “Mwala umenewo amayi anga anaulandira kwa amayi awo, ine ndinaulandira kwa amayi anga tsiku la ukwati wanga, ndipo umayenda choncho, kwa mwana wamkazi woyamba, m'mudzi mommuno. Monika ndinachedwa dala kumupatsa kuti ndione kaye ngati akhazikika pano. Sunagonepo kunja kwa Liwaladzi. Ndiye lero mukufuna munditengere mwana, munditengerenso mwala? Bambo ake Rozina, tsiku limene mudzandiikire mwala wanga m'manja, mudzamutenge Monika mupite naye kumene mukufuna. Kufikira tsikulo, muli pompano.”

Ndi mmene ndinakhalira wa ku Liwaladzi. Koma musandimvere chisoni, chifukwa chichokereni tsiku limenelo palibe mkamwini m'mbali mwa nyanja muno amene anasamalidwa ngati ine. Mwera ukangoyamba kuwomba, apongozi ankabwera okha padoko n'kundiletsa kukwera bwato, amvekere, “Tsikani, mukandimizira mwala.” Ndikadwala malungo ndi iwo amene ankayamba kufika ndi phala. Chambo chikapezeka, mutu unali wanga. Akamwini anzanga ankathawirabe m'chitedze, ine ndikucheza ndi apongozi pakhonde tikuseka, ndipo patapita zaka anandigawira dimba lawo la kumtsinje, limene mpunga wake mwadya nonse amene muli pano. Tsiku limene tinawaika m'manda ndinalira kuposa ana awo obereka.

Ndinkaganiza kuti nkhaniyo inapita nawo. Koma chaka chathachi, paukwati wa Rozina, titatuluka m'tchalitchi amayi akulangiza mkwatibwi, Monika anaimirira pamaso pa anthu onse, nkhope ili yosaseka ngati ya mayi ake. Anati, “Mwana wanga, pamtundu pathu mwana wamkazi woyamba amalandira mwala wa makolo tsiku ngati la lero. Ine sindikumana mwala wakowo.” Anandigwira padzanja, kundidzutsa pampando ndi jekete langa lobwereka, n'kukandiimika patsogolo pa Rozina. “Ndi uwu. Umadya kwambiri ndipo umalankhula zosatha, koma uusunge, usatuluke m'mudzi muno.”

Nthungululu zimene zinalira pamenepo, mpaka asodzi anabwerera kumtunda kudzafunsa. Rozina anagwada n'kundilandira ndi manja awiri, mwamuna wake ali kakasi, akuona kuti wakwatira mkazi pamodzi ndi chuma choyenda ndi miyendo.

Ndiye ngati mukufuna kudziwa kuti unali rubi kapena ganeti, mudzafunse amene adzandisambitse. Ine kuyeza ndinasiya. Ngakhale mutandibweretsera dayamondi wamkulu ngati dzira la bakha, ndidzamuyang'ana manja ali kumbuyo, pakamwa ndili chitsekere.